Sindinatchule dzina lake, koma mudzi wonse unamudziwa

Pali uthenga umodzi umene ndinalemba pa foni yanga madzulo ena a m'nyengo ya dzinja, ndipo ngakhale kuti papita zaka zingapo, ndimaukumbukirabe monga mmene ndinaulembera. Pa nthawiyo ndinali nditagwira ntchito ya zachisamaliro cha anthu kwa zaka zochepa, ndipo ndinkakhulupirira kuti ndine munthu wosamala pa nkhani za ana, chifukwa sindinkatchula mayina awo pagulu, mafayilo awo ndinkawakhomera m'kabati, ndipo kunyumba kwanga sindinkakamba za kuntchito. Uthengawo ndinautumiza ndi mtima wofuna kuthandiza, ndipo thandizo linapezekadi, koma amene anasenza zotsatira zake ndi mtsikana wa zaka 13 amene sindinamufunse n'komwe.

Madzulo amene ndinkafuna mayendedwe

Tsikulo linali Lachisanu, ndipo ofesi inali pafupi kutsekedwa pamene mphunzitsi wina wamkazi anafika ndi mtsikana wa sitandade 6. Titakhala pansi, mtsikanayo anafotokoza mwapang'onopang'ono, maso ali pa zala zake za kumapazi, kuti malume ake anamugwiririra usiku wa Lachitatu. Nditawerengera maola, ndinaona kuti nthawi yatsala yochepa. Mankhwala a PEP, amene amateteza munthu kuti asatenge kachilombo ka HIV, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72 chichitikireni nkhanzayo, kenako amamwedwa kwa masiku 28, ndipo ife tinali titatsala ndi tsiku limodzi lokha. Chipatala chachikulu chinali kutali, msewu unali matope okhaokha, ndipo njinga yamoto ya ofesi inalibe mafuta.

Tinali ndi gulu la pa WhatsApp la anthu amene timagwira nawo ntchito yoteteza ana m'deralo. Munali apolisi, aphunzitsi, alangizi a zaumoyo, ogwira ntchito m'mabungwe, atsogoleri a mipingo ndi oimira mafumu, onse pamodzi anthu oposa 40. Ndinalembamo kuti pali mtsikana wa zaka 13, wa sitandade 6 pa sukulu yakutiyakuti, amene amakhala ndi agogo ake chifukwa mayi ake ali ku Joni, ndipo wagwiriridwa ndi malume ake oyendetsa kabaza, choncho tikufuna mayendedwe msanga. Ndisanatumize ndinawerenganso, ndipo nditaona kuti mulibe dzina la munthu aliyense, ndinakhutira.

Pasanapite nthawi yaitali, wogwira ntchito wa bungwe lina anayankha kuti galimoto yawo idzatitenga m'mamawa. Loweruka dzuwa lisanakwere tinali kuchipatala, mtsikanayo anapimidwa, anayamba kumwa mankhwala, ndipo lipoti la chipatala linalembedwa. Ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo.

Agogo pakhomo la ofesi

Lachiwiri m'mawa ndinapeza agogo a mtsikanayo atakhala pakhonde la ofesi, nsapato zawo za pulasitiki zili m'manja, miyendo ili ndi matope mpaka mu akakolo. Mtsikanayo anali pambali pawo atafunda chitenje kumutu ngati munthu wa pamaliro. Ndinawalowetsa n'kuwapatsa mpando, koma anakana n'kukhala pansi pasimenti, ndipo anamasula mfundo ya kumapeto kwa chitenje chawo n'kutulutsa kapepala ka kuchipatala kamene kanali katapindidwa kanayi. Anakaika pansi pakati pa iwo ndi ine, koma sanakatambasule.

"Amayi," anatero agogowo ndi mawu otsika, "mwanayu anauza aphunzitsi ake, aphunzitsi anabwera naye kwa inu. Nanga amayi a pamjigo anawauza ndani?"

Ndinayankha kuti ine sindinatchule dzina la mwanayo kwa munthu aliyense, ndipo ndinayankha ndi mtima wonse chifukwa ndinkadziwa kuti ndikunena zoona.

"Dzina la chiyani, mwana wanga? M'mudzi mwathu muja, agogo olera mdzukulu amene mayi ake ali ku Joni, mwana wawo wina n'kumayendetsa kabaza, alipo angati? Ndine ndekha."

Kenako anandiuza zimene zinachitika. Munthu wina wa m'gulu lija anatumiza uthenga wanga kwa mnzake, mwina mongodandaula, ndipo usiku womwewo wa Lachisanu unafika pa foni ya mnyamata wina wa pa siteji ya kabaza. Pamene ife tinkakwera galimoto kupita kuchipatala, malume aja anali atathawa kale, moti apolisi atafika Loweruka masana anapeza chitseko chokhoma. Lolemba mtsikanayo anapita kusukulu, koma anabwerako nthawi yopuma isanakwane chifukwa anyamata a m'kalasi mwake anayamba kumuitana dzina lachipongwe. Pamjigo azimayi ankasiya kuyankhula akamuona, ena n'kumanena kuti iyeyo ndi amene wachititsa kuti banja lipasuke.

"Wochita zimenezi ndi mwana wanga wobereka ndekha," anapitiriza agogowo, "ndipo ndinali wokonzeka kukaima pamaso pa apolisi n'kunena zoona, ngakhale abale anditaye. Koma tsopano wolakwa ali kutali akudya nsima mwamtendere, ndipo wosalakwa ndi uyu wafunda chitenje."

Pa nthawi yonseyo mtsikanayo sanandiyang'ane ngakhale kamodzi. Lachisanu lija, ngakhale anali ndi mantha, anandiuza zonse, mpaka mtundu wa malaya amene malume ake anavala. Tsopano ndikamufunsa ngati akumwa mankhwala, ankangogwedeza mutu m'kati mwa chitenje.

Anthu atachoka ndinatsegula foni n'kuwerenganso uthenga uja, ndipo ndinadzifunsa kuti kodi gululo linkafunika kudziwa chiyani kuti lindithandize. Linkafunika kudziwa kuti pali mwana amene ayenera kufika kuchipatala mawa lisanade, basi. Zaka zake, kalasi yake, sukulu yake, kumene kuli mayi ake ndiponso ntchito ya woganiziridwayo sizinathandize kuti galimoto ipezeke. Ndinazilemba chifukwa ndinkafuna kuti anthu amve kukula kwa nkhaniyo n'kuchita changu, ndipo ndikaganiza bwino, ndinazilembanso chifukwa mtima wanga unali wolemedwa ndipo ndinkafuna ena oti asenze nane. Chifukwa chachiwirichi n'chomveka kwa munthu aliyense wogwira ntchito imeneyi, koma malo otulira katundu wotere ndi kwa wamkulu wako wa pantchito, chitseko chili chotseka.

Pamene ndinatseka pakamwa

Zitachitika zimenezi ndinasanduka munthu wosanena kanthu. Pamisonkhano yokambirana nkhani za ana ndinkayankha mwachidule, mafomu otumizira ana kwa anzathu ndinkawalemba moperewera, ndipo munthu akandifunsa za mwana ndinkati ndi chinsinsi, ngakhale wofunsayo ali namwino amene akumusamalira. Ndinkaganiza kuti ndaphunzira, koma patapita miyezi ingapo ndinaona kuti ndinangochoka m'dzenje lina n'kugwera m'dzenje linanso.

Panali mnyamata wa zaka 9 amene tinamuchotsa m'nyumba ya bambo ake omupeza chifukwa cha kumenyedwa koopsa, ndipo tinakamusiya kwa azakhali ake n'kumulembetsa pa sukulu ina. Mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo sindinamuuze chilichonse kupatula kuti mwanayo wasamuka. Tsiku lina bambo aja anafika pasukulupo nthawi yopuma, atavala bwino, n'kunena kuti abwera kudzatenga mwana wawo chifukwa kunyumba kwagwa zovuta, ndipo aphunzitsi anamupereka popeza panalibe chowakayikitsa. Mwanayo anapezeka madzulo omwewo ali bwino, apolisi atachita changu, koma maola amene tinakhala tikumufunafuna sindidzawaiwala.

Mawa lake mphunzitsi wamkuluyo, bambo wachikulire wodekha, sanandikalipire. Anangoti, "Mayi, ine sindinkafuna kudziwa zimene mwanayu anakumana nazo. Mukanangondiuza kuti munthu wakutiwakuti asamutenge pasukulu pano, ndikanaima pachipata ndekha." Mawu amenewa anandionetsa kuti zolakwa zanga ziwirizi zinachokera pa muzu umodzi. Pa ulendo woyamba ndinauza anthu ambiri zinthu zimene sankafunika kudziwa, pa ulendo wachiwiri ndinabisira munthu mmodzi chiganizo chimodzi chimene ankafunika kudziwa, ndipo maulendo onse awiri sindinayambe ndaganiza kuti womva achita nazo chiyani zimene ndikumuuza kapena kumubisira.

Mwana amene aliyense ankadziwa mbali yake

Pa maphunziro athu a ntchitoyi tinaphunzira za Victoria Climbié, ndipo ndinkaiona nkhaniyi ngati ya kutali mpaka tsiku limene mnyamata uja anatengedwa pasukulu. Victoria anabadwira ku Côte d'Ivoire m'chaka cha 1991, ndipo makolo ake anamupereka kwa wachibale wawo, Marie-Thérèse Kouao, pokhulupirira kuti akaphunzira bwino ku Ulaya, monga mmene ifenso timaperekera ana kwa abale a m'tauni. Anamwalira ku London pa 25 February 2000 ali ndi zaka 8, ndipo madokotala amene anapima thupi lake anapeza mabala ndi zipsera 128. Kouao ndi chibwenzi chake Carl Manning anapezeka olakwa pa mlandu wakupha ndipo anagamulidwa kukhala m'ndende moyo wawo wonse.

Chimene chimapweteka pa nkhaniyi n'chakuti Victoria sanali mwana wobisika. Anagonekedwa m'zipatala ziwiri, Central Middlesex ndi North Middlesex, ndipo ankadziwika kwa apolisi oteteza ana ndiponso ku maofesi a zachisamaliro a makhonsolo angapo, kuphatikizapo Ealing, Brent ndi Haringey. Anamwino anaona zipsera, ena anaona mmene ankanjenjemerera pamaso pa womulerayo, ena analandira mafoni odandaula, koma zimene aliyense anaona zinakhala m'fayilo yake, kapena zinatumizidwa mosamveka, kapena zinafika kwa munthu amene sanazitsatire. Kafukufuku amene anatsogolera Lord Laming, amene lipoti lake linatuluka mu January 2003 ndi mfundo 108 zoyenera kukonzedwa, anasonyeza kuti panali mipata yosachepera 12 imene mwanayo akanapulumutsidwa. Lipotilo linathandiza kuti pakhale lamulo la Children Act la 2004, limene linalamula maofesi osiyanasiyana a ku England kuti azigwirira ntchito limodzi poteteza ana.

Boma la kumeneko linakhazikitsanso kaundula wamkulu wa pa kompyuta wotchedwa ContactPoint, mmene munalembedwa ana onse a ku England kuti ogwira ntchito azidziwa amene akuthandiza mwana aliyense, koma kaundulayo anatsekedwa mu 2010, pambuyo pa madandaulo a anthu ambiri akuti kuika mbiri ya ana mamiliyoni pamalo amodzi, pofikirika ndi anthu ochuluka, n'kuika ana omwewo pachiopsezo. Ndikaganiza za mbiri imeneyi ndimaona kuti ngakhale dziko la chuma ndi makompyuta linavutika ndi funso lomwelo limene linandivutitsa ine ndi foni yanga ya m'manja. Mutu umodzi susenza denga, zimenezo n'zoona, koma si aliyense wodutsa pamsewu amene ayenera kuitanidwa kuti alowe m'nyumba.

Zimene malamulo athu amanena

Kuno kwathu, lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010 limaika udindo pa achipatala, pa achibale, pa osamalira ana ndiponso pa anthu a m'mudzi kuti azinena kwa apolisi kapena kwa a zachisamaliro cha anthu akaona kuti mwana akuchitiridwa nkhanza. Lamulo lomwelo linakhazikitsa mabwalo a milandu ya ana ndipo limaletsa kufalitsa zinthu zimene zingachititse kuti mwana wokhudzidwa ndi mlandu m'mabwalowo adziwike. Kuyambira mu 2017, pamene malamulo aakulu a dziko anasinthidwa, mwana ndi munthu aliyense wosakwana zaka 18. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, limene dziko la Malawi linavomereza mu 1991, limanena m'ndime 16 kuti moyo wa mwana usalowereredwe mwachisawawa, ndipo m'ndime 12 limati mwana amvedwe pa nkhani zomukhudza. Palinso lamulo la 2018 lokhudza HIV ndi Edzi, limene limateteza chinsinsi cha zotsatira za magazi a munthu, ndiponso lamulo la 2024 loteteza mauthenga okhudza anthu, limene bungwe la MACRA linapatsidwa udindo woliyang'anira.

Anzanga ena amawerenga malamulowa ngati akutsutsana, ena oti nena, ena oti usanene, ndipo mantha akawagwira amasankha kukhala chete poganiza kuti wokhala chete sapalamula. Ine sindikuona kutsutsana kulikonse. Lamulo lotilamula kunena limatchula amene tiyenera kuwauza, ndipo pa mndandandawo palibe gulu la pa WhatsApp, palibe tsamba la Facebook, palibenso msonkhano wa mpingo. Njira zoyenera zilipo: nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ofesi ya zachisamaliro cha anthu, nambala yaulere ya 116 imene imayendetsedwa ndi bungwe la YONECO, ndiponso malo a Chikwanekwane monga amene ali pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene dokotala, wapolisi, mlangizi ndi wa zachisamaliro amapezeka pamalo amodzi. Ubwino waukulu wa malo oterewa ndi woti mwana safotokoza nkhani yake kasanu kwa anthu asanu m'maofesi asanu, chifukwa kufotokoza kulikonse kumatukusula bala.

Mmene ndimachitira masiku ano

Chinthu choyamba chimene ndinasiya ndi kulonjeza mwana kuti sindiuza munthu. Ana ambiri amayamba ndi pempho limeneli asananene kanthu, ndipo mtima umafuna kuvomera kuti ayankhule. Koma lonjezo limeneli sindingalisunge ngati moyo wake uli pachiswe, ndipo mwana amene wanamizidwa kamodzi ndi munthu wamkulu amene anamukhulupirira sabwereranso. Ndimamuuza kuti zimene andiuze sindikazikamba kwa anansi, kwa anzake kapena kutchalitchi, koma kuti ngati pali munthu amene akumupweteka ndiyenera kuuza anthu ochepa amene angamuteteze, ndipo ndimuuza kaye kuti anthuwo ndi ndani ndisanapite. Ena amakhala chete kwa kanthawi akamva zimenezi, koma ambiri amayankhulabe, ndipo amayankhula akudziwa pamene aima.

Kupempha chilolezo cha makolo n'kofunika, ndipo nthawi zambiri ndimatero, koma pali nthawi imene kupempha chilolezo n'kuchenjeza wolakwa. Ngati woganiziridwayo ali m'nyumba momwemo, apolisi amayenera kudziwa banja lonse lisanadziwe, ndipo zimenezi ndinaziphunzira pa chitseko chokhoma chija.

Kenako pamabwera funso la kuchuluka kwa zimene munthu aliyense ayenera kumva. Dokotala ayenera kudziwa zimene zinachitika pathupi ndi nthawi yake yeniyeni. Wapolisi ayenera kudziwa woganiziridwa ndi kumene ali. Mphunzitsi wamkulu ayenera kudziwa amene sakuloledwa kutenga mwana ndiponso kuti mwanayo azijomba masiku ena, koma zotsatira za magazi ake sizikumukhudza. Amfumu ndimawalemekeza ndipo popanda iwo ntchito yathu m'mudzi siyenda, koma ndimawauza zokhazo zimene zingawathandize kuteteza banjalo ku chipongwe ndi ziopsezo, ndipo ndimanena mosapita m'mbali kuti mlandu wogwiririra mwana sutha ndi mbuzi kapena nkhuku pabwalo lawo. Pa mafomu ndimasiyanitsa zimene ndaona ndi maso anga, zimene mwana wanena ndi pakamwa pake, ndi zimene ndangomva kwa ena, chifukwa mphekesera ikangolowa m'fayilo ya boma imayamba kuoneka ngati umboni, ndipo ingathe kuipitsa munthu wosalakwa kwa zaka zambiri. Ndimalembanso amene ndamuuza, tsiku lake ndi chifukwa chake, ndipo ndikasankha kusauza munthu, chifukwa chakenso ndimachilemba.

Pali chinthu china chimene chimandiwawa ndipo sindinachizolowere. Anthu amtima wabwino akapeza mwana wozunzidwa amamujambula, zilonda zili poyera, n'kuika chithunzicho pa Facebook kuti apemphe thandizo, ndipo ndalama zimabweradi. Mabungwe enanso amafuna nkhope ndi nkhani yokhudza mtima kuti aike m'malipoti opita kwa opereka ndalama. Koma zilonda zimapola, pamene chithunzi cha pa intaneti chimakhalapobe, ndipo mwana wa zaka 7 lero adzakhala wa zaka 17, anzake a ku sekondale n'kuchipeza. Siginecha ya kholo losauka limene likuyembekezera thumba la chimanga kuchokera kwa wojambulayo sindiyiwerengera ngati chilolezo chenicheni.

Gulu la pa WhatsApp lija lidakalipo, koma tinagwirizana kuti likhale longoitanirana. Munthu amalemba kuti pakufunika mayendedwe kapena wapolisi mwachangu, ndipo amene angathandize amaimba foni.

Kumene mtsikana uja anapita

Mtsikana uja sanabwererenso pa sukulu yake. Patapita masabata angapo tinagwirizana ndi agogo ake kuti akakhale kwa mayi ake aang'ono m'dera lina, ndipo tsiku lopita kukamulembetsa pa sukulu yatsopano lisanafike ndinapita kukamuona. Ndinamupepesa pamaso pa agogo ake, ndikutchula bwinobwino chimene ndinalakwa, ndipo sanayankhe. Kenako ndinatulutsa kalata imene ndinalembera mphunzitsi wamkulu wa sukulu yatsopanoyo n'kumuwerengera mokweza, mzere ndi mzere, n'kumufunsa ngati pali chimene akufuna kuti chichotsedwe.

Anakhala chete kwa nthawi yaitali, kenako anatambasula dzanja n'kuloza mzere umene unanena kuti wasamuka chifukwa cha mavuto a kunyumba. "Apa muchotse," anatero, ndipo amenewa anali mawu oyamba amene anandiyankhula chichokereni Lachisanu lija. Ndinamufotokozera kuti mzere wonena kuti malume ake asaloledwe kumuyandikira pasukulu sindingauchotse, chifukwa munthuyo anali asanagwidwe, ndipo anagwedeza mutu kuvomera. Ndinatenga cholembera n'kufufuta mzere umene analoza uja iye akuona, ndipo ndinalembanso kalatayo pa pepala lina nditakhala pamphasa yawo. Nditamaliza anaitenga, anaiwerenga yekha mpaka kumapeto, anaipinda n'kuiika m'kati mwa kope lake la masamu.